Nzeru Yabwino Ilibe Miyendo

M'mwezi wa Juni, pamene mphepo yacisanu iomba ndipo ngolo za ng'ombe zili kalikiliki kututa cimanga m'minda ya kuno kwa Zingalume, m'mashedi a makopaletivu mumabuka nkhani zimene sizimveka pa wailesi. Ndi nkhani za anchito ndi akulu ao. Pali kalaliki amene waona cinthu colakwika, nadziwanso m'mene cingakonzedwere, koma mau ake angothera pakhomo la ofesi. Pali manijala amene ganizo lililonse latsopano amalimva ngati mwano. Mwezi uno tifuna kukambirana funso limene ana athu ophunzira amabwera nalo kawirikawiri kwa ife: kodi munthu wamng'ono pa nchito angacite bwanji kuti akulu alandire nzeru yake? Funsoli si laling'ono ai, pakuti nzeru ikakanidwa cimene cimaonongeka ndi cakudya ca mabanja, ndipo nthawi zina ndi moyo weniweniwo.

Zimene zinacitika pa shedi ina

Zaka zingapo zapitazo kopaletivu ina ya m'dera lathu lino inalemba nchito ya ukalaliki mnyamata amene anali atangomaliza maphunziro a zamalimidwe. Sipanapite masabata ambiri iye asanaone zinthu ziwiri zom'detsa nkhawa. Coyamba, cimanga cinkalandiridwa cisanaumitsitse. Kapitao wa pa shedi ankangotapa njere ziwiri zitatu, kuziluma ndi mano, nanena kuti cauma. Caciwiri, matumba ankasanjidwa pansi peni-peni, ena atatsamira cipupa, kotero kuti cinyontho ca pansi cinkalowa m'matumba apansiwo.

Mnyamatayo anadziwa kuti bungwe la boma logula cimanga, la Food Reserve Agency, limafuna kuti cinyontho ca m'cimanga cisapitirire 12.5 peresenti, ndipo ogula ena akulu-akulu nawonso amapima asanalipire. Dzino la munthu silingasiyanitse 12.5 ndi 14. Tsono anakonza mfundo zitatu: kugula kamakina kopimira cinyontho, kuyala mitengo pansi pa matumba ndi kusiya kanjira pakati pa mulu ndi cipupa, ndiponso kubweza cimanga ciliconse cosauma kuti mwini wake akaciyanikenso.

Mfundozo zinali zoona zonse zitatu. Koma iye anaimirira nazo pa msonkhano waukulu wa mamembala, asanauzeko munthu aliyense wa m'komiti, ndipo anayamba ndi kunena kuti kuluma cimanga ndi za makedzana. Awakumpando, mkulu wa imvi amene anayambitsa kopaletivuyo, anamuyang'ana kanthawi nati, "Mwana iwe, ife tinayamba kusunga cimanga amai ako asanakubale. Khala pansi." Anthu anaseka, nkhani inathera pomwepo.

Caka cimeneco matumba apansi anacita cuku, ndipo wogula anabweza ena ambiri. Amene anataya sanali a komiti okha. Munalinso cimanga ca amai amasiye amene anaciumitsa bwino lomwe koma cinasakanizidwa ndi ca ena. Mnyamata uja anabwera kunyumba kwathu madzulo ena, mkwiyo uli pankhope, komanso timati tikamuyang'anitsitsa tinkaona kakimwemwe kobisika ka munthu amene mau ake apherezera.

"Aphunzitsi, kodi sindinanene ine?" anatero.

Tinamuyankha kuti, "Unanena, mwana wathu, ndipo unanena zoona. Koma tatiuza, ndi thumba la yani limene linapulumuka cifukwa ca kunena kwakoko?"

Cifukwa ciani akulu amakana?

Titakhala naye pansi tinayamba kuwerenga anthu amene mfundo zake zinawakhudza. Msungicuma anali ataika kale padera ndalama zolipirira feteleza wa mamembala, ndipo kamakina kaja kakanadya gawo la ndalamazo. Mlandu wa kucedwa kwa feteleza ukanagwera iye, osati kalaliki. Kapitao anali ndi ulemu wake wonse m'dzino lakelo. Kamakina kakabwera, iye atsala ndani? Ena a m'komiti ankakolola msanga cifukwa ca ndalama zofunika kusukulu ndi ngongole, ndipo ndiwo amene cimanga cao cikanayamba kubwezedwa. Awakumpando nawo anamva ngati auzidwa pamaso pa anthu kuti zaka zao zonse akhala akulakwitsa.

Palibe ndi mmodzi yemwe mwa anthu amenewa ananena cifukwa cake ceni-ceni pa msonkhano paja. Izi ndizo zimene anthu amazicha ndale za pa nchito. Kawirikawiri si ufiti kapena kuipa mtima. Ndi mantha, udindo ndi ulemu wa anthu zimene zabisala kuseri kwa mau akuti "tidzaona" kapena "ndalama palibe". Wophunzira amaona cimanga ndi cinyontho. Mkulu wa nchito amaona ndalama zimene adzafunsidwe, anthu amene adzadandaule, ndi dzina lake limene lidzaipe zinthu zikalephereka. Kusintha kukapindula, onse amakondwa. Kukalephera, amene anasaina ndiye amaitanidwa. N'cifukwa cake mkulu wosamala amayamba wakana.

Ife Acewa sitiyenera kudabwa nazo zimenezi. Munthu wokhala ndi nkhani kwa mfumu salumphira pa bwalo nayamba kufuula. Amapita kwa nyakwawa, nyakwawa kwa nduna, ndipo nkhani ikamafika kwa Mfumu Zingalume imakhala itapsa kale. Njira imeneyi si ya amantha. Makolo anadziwa kuti mkulu amene wadzidzimutsidwa pagulu amateteza mpando wake m'malo momva nkhani.

Yambani ndi kamunda kakang'ono

Ambiri a ife timalima gamphani: kukumba maenje m'cilimwe, kusiya mapesi m'munda osawatentha, ndi kubzala ndi mvula yoyamba. Ndi ocepa amene amadziwa kuti mmodzi wa anthu amene anachukitsa ulimi wotere m'cigawo cino ca Africa anali munthu wolembedwa nchito pa munda wa eni. Dzina lake ndi Brian Oldreive. M'caka ca 1982 anayamba kuyang'anira famu yochedwa Hinton Estate kufupi ndi Bindura, m'dziko la Zimbabwe. Famuyo inali kuluza ndalama, nthaka inali kukokoloka, ndipo mafuta a mathirakitala anali kudya phindu.

Oldreive anaona kuti m'nkhalango palibe amene amagaula, koma nthaka imakhala yofewa ndi yacinyontho pansi pa masamba ogwa. Anaganiza zoleka kugaula ndi kuleka kutentha mapesi. Kwa alimi akulu-akulu a nthawi imeneyo zimenezo zinali ngati misala. Iye sanalamule kuti mapulawo onse aikidwe pambali tsiku limodzi. M'caka ca 1984 anayesa pa mahekitala awiri cabe. Kukanakhala kulephera, famu sikanagwa cifukwa ca mahekitala awiri. Zokolola zitaoneka, anaonjezera malo caka ndi caka kufikira famu yonse inatsata njira imeneyi. Pamene bungwe la Conservation Farming Unit linakhazikitsidwa muno m'Zambia m'caka ca 1996, mogwirizana ndi Zambia National Farmers Union, zimene zinaphunziridwa ku Zimbabwe zinali pakati pa maziko ake.

Phunziro lake ndi ili: mkulu amene angakane kusintha munda wonse sangavute kubwereka kangodya kamodzi. Pemphani cinthu cimene iye angavomere popanda kuopa, ndipo zokolola zidzakulankhulirani.

Mnyamata wathu uja anacita cimodzimodzi caka cotsatira. Anayamba wapita kunyumba kwa Awakumpando, osati ku ofesi, napepesa cifukwa ca mau a pa msonkhano paja. "Atate, ndinalankhula mwacibwana. Ndabwera kuti mundithandize nzeru, cimanga cisaolenso caka cino." Za kamakina sanachuleko. Anapempha cabe kuti mulu umodzi ausanje pa mitengo ya bulugamu, imene sinafune ndalama.

Kenaka anapita kwa kapitao ndi botolo lagalasi louma ndi mcere wouma bwino. Njirayi alangizi amaiphunzitsa: muthira cimanga m'botolo kufika pa gawo limodzi mwa atatu, muonjeza masipuni awiri kapena atatu a mcere, mutseka, mukhuchumula, mudikira mphindi 15 ndi kukhuchumulanso. Mcere ukamamatira m'mbali mwa botolo, ndiye kuti cimanga cikadali ndi cinyontho coposa pafupifupi 15 peresenti. Mnyamatayo sanagwire yekha botolo pamaso pa alimi; analipereka m'manja mwa kapitao. Tsono kapitao, amene kale ankaopa kucotsedwa ulemu, anakhala mwini wa cida catsopano, ndipo pobweza cimanga ca munthu ankangoloza mcere, osakangana ndi mbale wake.

Kwa msungicuma anapita ndi pepala limodzi lokha. Mbali ina analemba mtengo wa matumba amene anabwezedwa caka catha, mbali ina mtengo wa kamakina. Sanalembe mau aatali a kusukulu. Pa msonkhano wa komiti, amene anaimirira kunena kuti botolo lathandiza koma silifika pa 12.5, motero pafunika kamakina, anali Awakumpando eni ake. Dzina la kalaliki silinachulidwe. Iye anabwera kudzatidandaulira pang'ono, ndipo tinamukumbutsa funso lathu lija: unkafuna cimanga cipulumuke, kapena unkafuna kuomberedwa m'manja? Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mau kwa okhala pa mipando

Tisaike katundu yense pa mutu wa wamng'ono. Ngati nzeru iliyonse iyenera kugwada caka cathunthu isanamvedwe, vuto lili ndi akulu. Citsanzo cabwino ca akulu omvera tili naco pafupi, ku Msekera, malo ofufuzira zamalimidwe kufupi ndi Chipata.

Ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 akatswiri a boma pamodzi ndi a bungwe la ICRAF, limene likulu lake lili ku Nairobi, anayamba kuyesa mitengo yobwezera conde m'nthaka. Mmodzi wa otsogolera nchitoyi anali Dr Freddie Kwesiga. Inali nthawi yowawa: NAMBOARD inathetsedwa m'caka ca 1989, ndipo citatha cisankho ca 1991 boma linayamba kucotsa thandizo pa mtengo wa feteleza, kotero kuti alimi ambiri a kuno kum'mawa analeka kuthira. Akatswiriwo anapeza kuti munda wogonekedwa zaka ziwiri uli ndi mitengo ya jerejere umabala cimanga coculuka kwambiri kuposa munda wolimidwa caka ndi caka wopanda feteleza.

Poyamba mbande zinkafesedwa m'timapepala tapulasitiki, monga mwa mwambo wa akatswiri. Timapepalato tinali todula, ndipo kunyamula mbande zambiri ndi dothi lake kucokera kudimba kupita kumunda inali nchito yothyola msana. Alimi anayamba kuzula mbande ndi kuzinyamula mizu ili pamtunda, ndipo zinaphuka. Enanso anabzala mitengo pamodzi ndi cimanga caka coyamba, kuti munda usagone osapatsa kanthu. Akatswiri a madigiri akanatha kunena kuti, "Mwaphwanya malangizo." M'malo mwake anatenga nzeru za alimiwo, naziyesa pa Msekera, ndipo zitatsimikizika anazisandutsa malangizo ao. Njirayi inafalikira kwa alimi zikwi-zikwi m'maboma a Chipata, Katete, Chadiza ndi Petauke. Ndi zoona kuti ena anaisiya pambuyo pake, makamaka feteleza wotsika mtengo atabwereranso m'caka ca 2002, koma phunziro la kumvera silinafote.

Inu amanijala, ahedi a masukulu, oyang'anira zipatala, eni zigayo ndi masitolo, dzifunseni: kodi ndi liti pamene wanchito wanu wamng'ono anakuuzani cinthu cimene simunafune kumva? Ngati papita caka osamva cotere, musaganize kuti zonse zili bwino. Anthu anu aphunzira kukhala cete. Wogwira makina tsiku ndi tsiku ndiye woyamba kumva kuti kulira kwake kwasintha. Mukakana ganizo, nenani cifukwa ceni-ceni: ngati ndi ndalama, onetsani mabuku, ngati ndi nthawi, chulani mwezi umene mudzaliunikenso. Ndipo ganizo likapindula, chulani mwini wake pagulu. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Pamene kudekha kuyenera kutha

Zonse tanenazi ndi za cimanga ndi ndalama, zimene zikatayika caka cino zingapezeke caka camawa. Koma pali nkhani zimene sizidikira kamunda koyesera.

Makolo athu ambiri a kuno kum'mawa anakagwira nchito ku migodi, ndipo dzina la Mufulira silinaiwalike. Kwa zaka zambiri matope otsala poyenga mkuwa ankatayidwa pamwamba pa nthaka imene pansi pake anthu anali kukumba. Kuyambira m'caka ca 1968 zizindikiro zinayamba kuoneka: nthaka inatitimira pansi pa dziwe la matopewo, ndipo matope ena anatulukira m'ngalande za pansi. Zizindikirozo sizinapatsidwe kulemera kwake. Usiku wa pa 25 Sepitembala 1970 matope anagumukira mu mgodi, ndipo anthu 89 anafa.

Ku America nako kunacitika zofanana. Injiniya wina wa kampani ya Morton Thiokol, dzina lake Roger Boisjoly, analembera akulu ake kalata m'mwezi wa Julai 1985 kuwacenjeza kuti mphete za labala zotseka polumikizira maroketi a combo ca m'mlengalenga zingalephere, anthu n'kufa. Usiku wa pa 27 Januwale 1986 iye ndi anzake analangiza kuti combo cochedwa Challenger cisanyamuke kunja kukuzizira kuposa madigiri 12, pakuti labala ikazizidwa imauma. Tsiku lonyamuka linali litasinthidwa kale kangapo, ndipo akulu a kampani, pofuna kusakhumudwitsa bungwe la NASA limene linkawapatsa nchito, anakambirana paokha nasintha cigamulo. M'mawa mwake combo cinanyamuka, ndipo patangotha masekondi 73 cinasweka. Onse asanu ndi awiri amene analimo anafa, pakati pao mphunzitsi wa sukulu, Christa McAuliffe.

Kuno kwathu kulibe maroketi, koma kuli mabuleki a lole yonyamula anthu, waya wa magetsi wosendeka pa cigayo, mankhwala a thonje osungidwa pamodzi ndi ufa, cipupa ca kalasi cimene cang'aluka. Pa zotere wanchito alankhule lero, mwaulemu koma mosabisa. Akapanda kumvedwa alembe kalata, aike tsiku, asunge ina yofanana nayo. Akapandanso kumvedwa apite kwa wamkulu woposa, kapena kwa oyang'anira za anchito a boma. Lamulo la m'caka ca 2010 la umoyo ndi citetezo pa nchito linalamula kuti pamene pali anchito khumi kapena kuposa pakhale komiti yoona zimenezi. Pamene komiti yotere ilipo, imeneyo ndiyo khomo loyamba kugogoda. Madzi akatayika saoleka.

Zoti titenge

Mpingo sunakhale cete pa nkhani imeneyi. M'kalata yao ya Mater et Magistra ya m'caka ca 1961, Apapa Yohane wa 23 anaphunzitsa kuti anchito asayesedwe anthu ongolandira malamulo mwakacetecete, koma apatsidwe mpata wonena maganizo ao pa kayendedwe ka nchito. Apapa Yohane Paulo waciwiri, m'kalata ya Laborem Exercens ya m'caka ca 1981, anaonjeza kuti munthu ayenera kumva kuti nchito imene agwira ndi yakenso, ngakhale cuma cili ca wina. Tsono kupereka nzeru pa nchito si kudzikweza, ndipo kuimvera si kudzicepetsa. Zonse ziwiri ndi udindo.

Kwa ana athu amene ali ndi ganizo m'thumba, uphungu wathu ndi uwu. Yambani mwatsimikiza kuti mfundo yanu ndi yoona. Pimani, werengani, funsani wina wodziwa kuposa inu, ndipo nenani poyera pamene njira yanu ingalepherere. Dziwani amene ganizolo lidzamudyera ndalama, nthawi kapena ulemu, ndipo muonane naye iye poyamba, paseri. Lankhulani m'cinenero ca amene adzasaine: matumba angati, makwaca angati, miyezi ingati. Pemphani kuyesa pang'ono, ndipo mugwirizane pasadakhale cimene cidzasonyeze kuti zatheka kapena zalephereka. Musanyoze njira yakale, pakuti inadyetsa anthu inu musanafike, ndipo mwina ili ndi cifukwa cimene simunacione. Mukakanidwa musanyanyale kapena kuyamba miseche. Gwirani bwino nchito yanu ya tsiku ndi tsiku, cifukwa mkulu amamvera msanga munthu amene mabuku ake ndi olongosoka. Ndipo zoipa zimene munacenjeza zikacitika, musabwere ndi mau akuti "ndinanena". Bwerani ndi mitengo yoyala pansi.

Makolo nafenso tili ndi mbali yathu. Mwana amene kunyumba amauzidwa "khala cete" nthawi zonse adzakhala cete pa nchito ngakhale aone moto, kapena adzaphulika mwamwano tsiku limene mtima wadzaza. Tiyeni tiwaphunzitse pa mphasa ya pakhomo kunena zoona mwaulemu, ndipo iwo atione ife tikusintha maganizo pamene mwana wanena canzeru.

Pa shedi ija lero matumba amasanjidwa pa mitengo, kanjira kali pakati pa mulu ndi cipupa, ndipo kapitao amasunga kamakina m'kabokosi kokhoma, kiyi ili m'thumba lake. Alimi ongolowa kumene amayesa kuti zinali conco ciyambire. Mnyamata uja anakwatira, ndipo tsopano ali ndi wom'thandiza wake, mtsikana wongocoka kumene kusukulu. Tamva kuti mtsikanayo ali ndi ganizo lake pa kalembedwe ka mabuku a ngongole. Tikudikira kuona ngati kalaliki wathu adzam'patsa mpando kuti afotokoze.